Mliri Wopha Agogo, Kafukufuku Wosiya Agogo

 Inu amene mudadutsa m'kalasi mwanga ndipo muli ku zipatala mukugwira unamwino ndi udokotala, nkhani ya lero ndi yanu kuposa ine, ndiye mundipirire pamene mphunzitsi wa History akulowa m'munda wa eni.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Kwa ife ophunzitsa mbiri, tsiku lotere limatanthauza kuti nkhani yachoka m'manja mwa atolankhani, yalowa m'manja mwathu. Mwa zonse zimene zidachitika m'zaka zitatu zija, pali funso limodzi limene ndimaona kuti silifunsidwa mokwanira. Matendawa ankapha kwambiri okalamba. Ku America, mwa anthu 10 alionse omwalira mu 2020, anthu 8 adali a zaka 65 kapena kuposa. Nanga bwanji pofufuza mankhwala ndi katemera, okalambawo ndiwo ankasiyidwa kunja kwa mpanda?

Kuti ankasiyidwa si zongoganizira ayi. Mu Seputembala 2020 gulu la madokotala a ku America, pakati pawo Sharon Inouye wa ku Harvard, lidaunika akafukufuku 847 a Covid-19 amene adalembetsedwa. Lidapeza kuti pafupifupi kafukufuku mmodzi mwa anayi alionse adaika malire a zaka poyera. Ena ambiri sadatchule zaka, koma adaika malamulo amene wokalamba sakadawadumpha: wodwala shuga asalowe, wa kuthamanga kwa magazi asalowe, wopanda intaneti asalowe. Adatsimikiza kuti akafukufuku oposa theka akadatha kusiya okalamba, ndipo pa a katemera, onse amene adawaunika adali ndi khomo lotere.

Tiyambe ndi kumvetsa chifukwa chake. Poyesa mankhwala, odwala amagawidwa m'magulu awiri mwa mayere. Gulu lina limalandira mankhwala atsopano, lina ayi, kenaka amawerenga kuti achira angati, amwalira angati. Wofufuza amafuna zotsatira zoyera, zopanda chisokonezo. Tsono agogo a zaka 80 amabwera ndi katundu wambiri. Ali ndi matenda atatu kapena anayi, akumwa kale mapiritsi osiyanasiyana, impso ndi chiwindi zimagwira ntchito mwapang'onopang'ono, mwina sakumva bwino, mwina ayamba kuiwalaiwala. Akamwalira pakati pa kafukufuku, pamakhala mtsutso woti awapha ndi mankhwala kapena ukalamba. Njira yachidule ndi kuwasiya. Aphunzitsi anzanga mukudziwa bwino khalidwe limeneli, chifukwa ndi lomwe lija la masukulu ena amene amapatula ana ofooka mayeso a MSCE asanafike kuti chiwerengero cha okhoza chioneke chokongola.

Koma si ulesi wokha. Palinso mantha, ndipo manthawo ali ndi mbiri yake.

Mu 1947, atatha kuzenga milandu ya madokotala a chipani cha Nazi amene ankayesera zinthu zoopsa pa akaidi, oweruza a ku Nuremberg adalemba mfundo khumi. Yoyamba inkati munthu asalowe m'kafukufuku popanda kuvomera yekha mwaufulu. Madokotala ambiri a maiko opambana nkhondo adaganiza kuti mfundozi ndi za zigawenga za ku Germany, osati za iwo. Mu 1963, pa chipatala cha Jewish Chronic Disease Hospital ku Brooklyn mu mzinda wa New York, dokotala wotchuka wa khansa, Chester Southam, adakonza zobaya odwala 22 maselo amoyo a khansa pansi pa khungu. Odwalawo adali okalamba ndi ofooka, ena osatha kutsatira zimene akuuzidwa. Southam ankafuna kuona ngati thupi lofooka lingakane maselowo monga limachitira thupi lathanzi. Mawu oti khansa sadatchulidwe kwa odwalawo. Madokotala atatu achinyamata a pa chipatalapo adakana kutenga nawo mbali, ndipo adasiya ntchito. Nkhani itaphulika, akuluakulu a boma la New York adamupeza Southam wolakwa, koma chilango chidangokhala chomuyang'anira kwa chaka chimodzi. Patangopita zaka zochepa anzake adamusankha kukhala pulezidenti wa bungwe la ofufuza za khansa ku America. Ine pamenepa ndimaima kaye ndikamawerenga.

Zotsatira zake zidabwera motsatizana. Mu 1964 bungwe la madokotala a dziko lonse lidatulutsa chikalata cha Helsinki. Mu 1972 zidaululika kuti ku Tuskegee amuna akuda odwala chindoko adasiyidwa osapatsidwa mankhwala kuyambira 1932 kuti madokotala aone mmene matendawa amathera. Mu 1979 lipoti la Belmont lidakhazikitsa mfundo zoteteza anthu osatha kudziteteza. Makomiti ounika akafukufuku adakula mphamvu, ndipo kwathu kuno tili nawo athu, NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo ndi COMREC ya ku sukulu ya madokotala ku Blantyre. Zonsezi zidali zoyenera. Koma wofufuza wochenjera adaona msanga kuti njira yosavuta yopewera mlandu wozunza okalamba ndi kusawakhudza n'komwe.

Mtengo wa nzeru imeneyi udaoneka ku Britain. Mu 1980 kampani ya Eli Lilly idayamba kugulitsa mankhwala a nyamakazi otchedwa Opren. Nyamakazi ndi matenda a achikulire, choncho omwa mankhwalawa ambiri adali okalamba. Zidadzadziwika kuti m'thupi la wokalamba, makamaka wa impso zofooka, mankhwalawa ankakhala nthawi yaitali kwambiri asanatuluke, kotero piritsi la tsiku ndi tsiku linkangounjikana. Mu 1982 dokotala wa okalamba ku Belfast, Hugh Taggart, adalemba za amayi achikulire amene adamwalira chiwindi chitaonongeka. Mu Ogasiti chaka chomwecho mankhwalawa adaletsedwa, malipoti a imfa atafika 61 ku Britain kokha. Maganizo anga ndi akuti pamenepa okalamba adayesedwabe mankhwala, kungoti kuyesako kudachitikira m'makomo mwawo, popanda wowayang'anira ndi wolemba m'kaundula.

Malamulo adasintha, koma pang'onopang'ono. Mu 1989 bungwe la FDA ku America lidatulutsa malangizo oti mankhwala amene okalamba adzagwiritse ntchito ayesedwenso pa okalamba. Mu 1993 America, Japan ndi maiko a ku Ulaya adagwirizana pa malangizo ofanana. Ndipo kuyambira Januwale 2019 bungwe la NIH, limene limapereka ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo ku America, lidalamula kuti wosiya anthu chifukwa cha zaka azipereka chifukwa chomveka. Taonani chakacho. Lamulo lidangokhala chaka chimodzi mliri n'kufika.

Mliri wa chimfine wa 1918, umene udafika kuno ku Nyasaland nkhondo yoyamba ikutha, udadabwitsa madokotala chifukwa unkagwetsa anyamata ndi atsikana amphamvu. Wa 2020 udachita zosiyana, ndipo njira zonse zotetezera okalamba zidasanduka zotchinga kafukufuku. Mu Marichi 2020 boma la Britain lidalangiza anthu a zaka zoposa 70 kuti apewe kusakanikirana ndi anthu. Nyumba zosungira okalamba zidatseka zitseko kwa alendo. M'zipatala achibale sankaloledwa kulowa. Taganizani namwino wovala chophimba kukamwa ndi chotchinga nkhope, akufotokoza za kafukufuku kwa agogo amene makutu adafooka kale ndipo amadalira kuyang'ana milomo ya wolankhula, agogowo akubanika, mutu wasokonezeka ndi malungo. Ngakhale pepala losainapo linkaopedwa kuti lingatuluke m'chipindamo ndi kachirombo. Akafukufuku ambiri adathawira ku makompyuta ndi mafoni amakono, kumene okalamba ambiri sakadawatsatira.

Pakati pa chipwirikiti chimenechi padabadwa kafukufuku amene ndimamuona ngati wofunika kuposa onse a nthawi ija, wotchedwa RECOVERY. Adamutsogolera ndi mapulofesa awiri a ku Oxford, Peter Horby ndi Martin Landray. Wodwala woyamba adalowa pa 19 Marichi 2020, pasanathe milungu iwiri chiyambireni kulemba dongosolo lake, ntchito imene nthawi zonse imatenga miyezi yambiri. Zipatala 176 za boma zidalowa. Chinsinsi chake chidali kuphweka. Aliyense wogonekedwa ndi Covid-19 akadatha kulowa, ndipo padalibe malire a zaka kumtunda. Fomu yovomera idali yaifupi. Dokotala ankalemba zinthu zochepa pa kompyuta, kompyutayo n'kuchita mayere. Za kuti wodwala wachira kapena wamwalira ankazitenga m'makaundula a boma amene adalipo kale, kotero wokalamba sankafunika kubwereranso ku chipatala kudzayezedwa. Ngati wodwala sakutha kuvomera yekha, wachibale ankatha kumuvomerera, ndipo wachibale akasowa, dokotala wina wosakhudzidwa ndi kafukufukuyo ankaima m'malo mwake, kenaka wodwalayo akatsitsimuka ankafunsidwa yekha.

Pamenepa munthu wokumbukira za ku Brooklyn akhoza kuchita tsinya. Kodi si zomwe zija, dokotala kuganizira wodwala wosatha kulankhula? Ine ndikuona kusiyana kuwiri. Southam adabisa chimene ankabaya, ndipo odwala ake sakadapindula kanthu. Mu RECOVERY zonse zidali poyera, komiti yapadera inkayang'anira ziwerengero, ndipo mankhwala oyesedwawo adali omwe madokotala m'maiko ambiri ankapereka kale mwachimbulimbuli, aliyense monga mwa kuganiza kwake. Komabe sindinganene kuti funsoli latheratu. Mphamvu yovomerera munthu wina ndi yoopsa m'manja mwa aliyense.

Zotsatira zidabwera msanga. Pa 5 Juni 2020 adalengeza kuti hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja tinkamwa pa malungo dziko lathu lisanamusiye mu 1993, sathandiza odwala ogonekedwa. Kumapeto kwa mwezi womwewo adanenanso chimodzimodzi za lopinavir ndi ritonavir, amene ena a inu mukuwadziwa ngati ma ARV. Koma pa 16 Juni padamveka nkhani yabwino. Odwala 2,104 adalandira dexamethasone, mankhwala akale ndi otchipa, mamiligalamu 6 pa tsiku kwa masiku osapitirira khumi, ndipo adawayerekeza ndi odwala 4,321 amene sadalandire. Zaka za odwalawa, pozigawa mofanana, zidali 66. Mwa amene adali pa makina opumira, omwalira adatsika kuchoka pa 41 kufika pa 29 mwa 100 alionse. Mwa amene ankangolandira okosijeni, adatsika kuchoka pa 26 kufika pa 23. Mwa amene sankafuna okosijeni, mankhwalawa sadathandize konse. Mfundo yomalizayi ndi yofunika monga zinazo, chifukwa idauza madokotala amene sayenera kupatsidwa. Pofika Marichi 2021 akuluakulu a zaumoyo ku England ankayerekeza kuti dexamethasone adapulumutsa anthu 22,000 ku Britain ndi pafupifupi miliyoni imodzi pa dziko lonse. Chiwerengero cha miliyonicho ndi choyerekeza chabe, koma ngakhale mutachidula pakati, n'chachikulu.

Ena adaganiza zotsatira okalamba kumene ali. Kafukufuku wa PRINCIPLE, wa ku Oxford komweko, adayamba ndi anthu a zaka 65 kupita kumtunda, ndi a zaka 50 kupita kumtunda odwala matenda ena, amene ankadwalira kunyumba. Mankhwala ankawatumizira pakhomo, ndipo wosatha kulemba pa intaneti ankamuimbira foni. Adapeza kuti azithromycin ndi doxycycline sathandiza, koma budesonide, wopopera mkamwa wa anthu a mphumu, adafupikitsa kudwala ndi masiku atatu. Ku America kampani ya Eli Lilly, yomwe ija ya Opren, idasandutsa magalimoto akuluakulu ogonamo apaulendo kukhala tizipatala toyenda. Kukamveka kuti nyumba ina ya okalamba yagwidwa ndi mliri, magalimotowo ankathamangirako ndi anamwino awo. Mu Januwale 2021 adalengeza kuti mankhwala awo a bamlanivimab adachepetsa kwambiri kudwala pakati pa okhala m'nyumbazo. Chisangalalocho sichidakhalitse, chifukwa kachirombo kadasintha maonekedwe ndipo mu Epulo 2021 FDA idachotsa chilolezo chogwiritsa ntchito mankhwalawa paokha.

Tsopano tifike pa katemera, pamene kusiya okalamba kudabala chisokonezo chimene chidafika mpaka kwathu.

Makampani a Pfizer ndi Moderna adayesetsa. Mwa anthu 30,000 a m'kafukufuku wa Moderna, mmodzi mwa anayi alionse adali wa zaka 65 kapena kuposa. N'chifukwa chake Margaret Keenan wa zaka 90 atabayidwa katemera wa Pfizer ku Coventry pa 8 Disembala 2020, padalibe mtsutso waukulu. Ofufuza a ku Oxford amene ankapanga katemera wa AstraZeneca adasankha njira yosamala. Adayamba ndi anthu a zaka 18 mpaka 55, ndipo achikulire adawalowetsa pambuyo pake ataona kuti katemera sakuvulaza. Munthu sangawadzudzule kuti adali ndi mtima woipa. Koma zotsatira zoyamba zitatuluka mu Disembala 2020, mwa anthu 11,636 owerengedwa, oposa zaka 55 adali pafupifupi 12 mwa 100 alionse. Magazi a okalamba ankaonetsa kuti chitetezo chikupangika bwino, koma odwala pakati pawo adali ochepa kwambiri moti sikudali kotheka kuwerengera kuti katemera akuwateteza motani.

Zimene zidatsatira ndi phunziro labwino kwa ana a Fomu 4 pa kusiyana kwa mawu awiri: "sitikudziwa ngati akugwira" ndi "sakugwira". Kumapeto kwa Januwale 2021 nyuzipepala ya Handelsblatt ku Germany idalemba kuti katemerayu amateteza okalamba 8 okha mwa 100. Unduna wa zaumoyo wa dzikolo udatsutsa, n'kunena kuti zikuoneka kuti wina adasokoneza manambala, chifukwa 8 mwa 100 chidali chiwerengero cha anthu a zaka 56 mpaka 69 amene adali m'kafukufuku. Pa 28 Januwale komiti ya katemera ya ku Germany idalangiza kuti aperekedwe kwa a zaka 18 mpaka 64 okha. Tsiku lotsatira Pulezidenti Emmanuel Macron wa ku France adauza atolankhani kuti katemerayu akuoneka ngati alibe mphamvu kwenikweni pa anthu opitirira zaka 65, tsiku lomwelo limene bungwe la mankhwala la ku Ulaya lidamuvomereza kwa akuluakulu onse. Britain idapitiriza kubaya okalamba ake, ndipo mu Febuluwale ziwerengero za ku Scotland zidaonetsa kuti ogonekedwa m'chipatala adatsika kwambiri, ngakhale pakati pa a zaka zoposa 80. Kumayambiriro kwa Marichi Germany idabweza mawu. Kumapeto kwa mwezi womwewo, kutapezeka vuto losowa la kuundana kwa magazi makamaka mwa ocheperapo zaka, idatembenukiratu n'kunena kuti katemerayu ndi wa a zaka 60 kupita kumtunda. M'miyezi iwiri, katemera amene adakanizidwa kwa okalamba adasanduka wa okalamba okha. Munthu wamba akadakhulupirira ziti?

Ku South Africa vuto lidali lomweli, koma chovala china. Kafukufuku wa katemerayu amene adatsogolera Shabir Madhi wa ku yunivesite ya Wits adali ndi anthu pafupifupi 2,000, ambiri a zaka za m'ma 30. Adaonetsa kuti sankateteza kwenikweni ku kudwala pang'ono ndi mtundu wa kachirombo wotchedwa Beta. Koma funso lalikulu, loti kodi angateteze wokalamba ku imfa, kafukufukuyu sakadaliyankha, popeza achinyamatawo sankadwala mwakayakaya. Pa 7 Febuluwale 2021 boma la South Africa lidaimitsa katemerayu. Patapita masiku atatu akatswiri a WHO adalangiza kuti aperekedwe ndithu, ngakhale kwa opitirira zaka 65.

Katemera ameneyu ndiye adali woyamba kufika ku Malawi. Tidali tikuchokera mu Januwale woopsa uja, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi pa 12. Pa 5 Marichi 2021 ndege idatera ku Lilongwe ndi katemera wokwana 360,000 wochokera ku ndondomeko ya COVAX, ndipo pa 11 Marichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adabayitsa poyera ku Zomba. A zaka 60 kupita kumtunda adali m'gulu loyamba kuitanidwa, pamodzi ndi azaumoyo ndi ife aphunzitsi. Koma mikangano ya ku Berlin ndi Paris idali itatifika kale pa WhatsApp, itasakanikirana ndi mphekesera zathu za kuno. Pa 19 Meyi boma lidatentha poyera katemera 19,610 amene adapitirira tsiku lake. Zifukwa zidali zingapo, china n'chakuti katemera wa mtokoma umenewo adafika atatsala milungu yochepa kuti athe mphamvu, choncho sindikunena kuti Macron ndiye adayatsa moto uja. Ndikungoti chikayiko chimene chidabadwa chifukwa chosowa okalamba m'kafukufuku wa ku Oxford chidayenda ulendo wautali.

Nanga okalamba athu adawerengedwa? Kalembera wa 2018 adapeza kuti a zaka 60 kupita kumtunda ndi pafupifupi 5 mwa Amalawi 100 alionse, ndipo ambiri ali kumudzi. Umboni wina wabwino kwambiri wa mmene kachirombo kadafalira kuno udachokera ku magazi a anthu opereka magazi ku MBTS, amene ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome adayeza. Adapeza kuti pofika Meyi 2021 pafupifupi 65 mwa 100 alionse adali atakumana nako kale. Koma ife aphunzitsi tikudziwa amene amapereka magazi, chifukwa galimoto ya MBTS imaima pa masukulu athu. Ndi ana athu a sekondale ndi achinyamata a m'tauni, ndipo wopitirira zaka 65 saloledwa n'komwe. Kupita kukatenga magazi a agogo kumudzi ndi nkhani ina, makamaka m'dziko limene mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Agogo ambiri sasaina, amadinda chala, ndipo sangadinde asanafunse ana awo ndi amfumu.

Amene adakwanitsa kumva mawu a achikulire akumudzi ndi amene adali nawo pa ubale kale. Kafukufuku wa mabanja ndi umoyo wa MLSFH, amene yunivesite ya Pennsylvania yakhala ikuchita ndi anzawo a kuno ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, adayamba kutsatira mwapadera anthu a zaka 45 kupita kumtunda mu 2012. Mliri utaletsa kuyenda m'midzi mu 2020, ofufuzawo adatenga manambala amene adasunga n'kuyamba kuimba mafoni, kufunsa anthu omwe adawadziwa kwa zaka zambiri za mantha awo, ndalama, chakudya ndi mmene akudzitetezera. Sikudali kuyesa mankhwala, kudali kufunsa mafunso chabe, ndipo wosafikirika pa foni adatsala.